Zaka Zinayi M'litali

Denga linayamba kudontha mu Novembala,
pamwamba penipeni pa bedi la Sixten.
Ndinasuntha bedi, n'kutchera beseni.
Usiku wonse iye ankamvetsera: tho, tho, tho,
n'kumandifunsa ngati sitima yafika kale padoko.

Zaka makumi atatu ndinaphika m'sitima
yoyenda pakati pa Stockholm ndi Turku.
Penshoni yanga imanyamuka kwathu ili makorona,
ikamafika kuno ku Beja ili mayuro,
itaonda m'njira,
nthiti zonse zikuwerengeka.

Lachiwiri ndinavala jasi la ku tchalitchi,
ndinakwera basi ya mmamawa kupita kubanki
mapepala a nyumba ndili nawo m'thumba la buledi.
Senhor Valadas ndi mwana, ndevu zake n'zadzulo.
Analankhula pang'onopang'ono, mokweza,
monga amachitira kwa alendo ndi ogontha.
Chikole chilipo, anatero. Nyumba ndi yabwino.
Vuto ndi inuyo, mayi.
Muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi.
Ifeyo timafuna ngongole ithe
musanakwanitse makumi asanu ndi awiri kudza zisanu.

Anatumiza munthu wodzayeza.
Anabwera ndi kamakina kolavula kadontho kofiira pakhoma,
analemba mng'alu wa kukhitchini,
analemba nkhungu ya kuseri kwa kabati.
Mkuyu umene Sixten anabzala sanaulembe.
Khonde tinamanga tokha chaka chachiwiri
silikuoneka m'mabuku a ku khonsolo.
Khondeli kulibe, anatero,
ataima pakhondepo, akumwa khofi wanga.

Kenako a inshulansi anafuna kuyeza ine.
Mkono, magazi, mtima, mafunso a fodya.
Makoma anawapeza mamita khumi ndi awiri.
Ine anandipeza zaka zinayi m'litali,
chiwongoladzanja pamwamba.

Mwana wathu anaimba foni kuchokera ku Uppsala.
Gulitsani, amayi, mubwere kwanu.
Kwathu kuti?
Nyumba ya kumeneko tinagulitsa kalekale,
ndi imene inasanduka makoma awa.
Bambo ako aiwala dzina la supuni m'Chiswidishi
koma njira yochoka pabedi kukafika pamkuyu
mapazi awo akuidziwa ngakhale mumdima.

Akuti mlendo ndi mame.
Mame athu akhala pano zaka khumi ndi zitatu,
amalipira msonkho, amadziwa galu aliyense ndi dzina,
Dona Ermelinda amawasiyira mazira pazenera.
Koma pafomu bokosi lathu likadali lomwe lija,
lachiwiri kuchokera pansi.

Nyumba ili m'maina awiri,
ndiye Sixten nayenso anayenera kusaina.
Ndinamumeta ndevu, ndinamumanga tayi.
Mayi wa zamalamulo anawerenga masamba khumi ndi asanu ndi anayi,
womasulira akutsata pambuyo ngati wokunkha.
Atamaliza anafunsa:
Bambo, mwamva zimene mukusainira?

Sixten anatembenukira kwa ine, cholembera chili m'mwamba.
Gunvor, kodi tikugula nyumba?

M'chipindamo munangoti zii.
Womasulira sanamasulire.
Mayi uja anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali,
ine ndinayang'ana dzanja la mwamuna wanga.
Inde, ndinatero. Tikuigulanso.
Iye anamwetulira monga tsiku loyamba lija,
nalemba dzina lake lonse,
chilembo chilichonse chitaima pachokha.

Custódio anabwera Lolemba ndi matailosi ndi ana ake awiri.
Masiku asanu ndi limodzi, fumbi m'shuga momwe.
Pa tsiku lachisanu la mwezi uliwonse
banki imatenga gawo lake ndisanadzuke.
Ndasiya nyama, ndasiya nyuzipepala ya kwathu.

Dzulo mvula inagwa usiku wonse.
Beseni lili kubafa, louma.
Cha m'ma fili koloko Sixten anandigwedeza phewa.
Gunvor, injini yazima.
Kodi tafika?